Tinamutumiza kukaphunzira Chizungu, wabwera akujambula azakhali

Gulu la WhatsApp: Kwathu ku Thyolo ndi Mulanje

Bambo a Tadala (Luchenza): Mwaswera bwanji abale. Ndili ndi kankhani, ndipo ndikufuna inu amene munapita patali ndi sukulu mundigawireko nzeru. Mwana wa mlongo wanga ali chaka chachiwiri ku yunivesite, akuti akuphunzira za chiyankhulo, kufalitsa mauthenga ndi chikhalidwe. Fizi ndimathamanga nayo ndine, si nanga ndine malume. Holide ino wabwera ndi ntchito ya kusukulu yoti ajambule zithunzi za ntchito zimene amayi amagwira. Anakwera minibasi mpaka kwa azakhali ake ku Mulanje amene amalima tiyi, n'kuwajambula ali ndi dengu kumsana. Watumiza, aphunzitsi ake abweza. Ati abwererenso akacheze nawo kaye azakhaliwo. Thiransipoti inanso imeneyo, yotuluka m'thumba mwangamu. Ine ndimati mwana akukaphunzira Chizungu chakupsa kuti adzapeze ntchito ya mu ofesi. Nanga izi za jenda, zithunzi, magule, pamapeto pake adzadya chiyani?

Yamikani (Joni): Kkkkk ankolo, mwalipira digiri yojambula azakhali. Bwenzi mutangomugulira kamera n'kukamusiya kwa Gift pa Chitakale.

Gift wojambula (Chitakale): Abwere, koma aziyamba ndi kunyamula chikwama cha malaiti.

A Makwinja (Thunga): Musaseke ana inu, funso la bambo a Tadala ndi lenileni. Ine ndaphunzitsa Chizungu ku sekondale mpaka kupuma, ndikudziwa katundu amene timatumiza ku makoleji. Kuti mwana asankhidwe ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6 pa MSCE, ndipo imodzi ikhale ya Chizungu. Koma kirediti imeneyo ambiri amaipeza poloweza. Mumuuze alembe kalata yofunsira ntchito, muona thukuta likutsika. Nthawi imene akuzungulira ndi foniyo akanakhala pa desiki akulemba ndime, mphunzitsi n'kumadutsamo ndi cholembera chofiira. Zinazi n'zokometsera chabe.

Chisomo (Goliati): Aphunzitsi, phunziro limenelo lilipotu, silinathe. Ine ndili pa yunivesite ya MUST pa Ndata pompano, ndikuchita za uinjiniya, koma chaka choyamba tinaphunzira nawo luso lolemba ndi kuyankhula Chizungu. Kufupikitsa nkhani yaitali, kulemba lipoti la ku labu, kutchula kumene watenga mfundo kuti usaoneke wakuba nzeru za eni, ndi kuima kutsogolo n'kufotokoza. Chomalizachi ndicho chimapha anthu. Munthu wa mapointi 9 manja kunjenjemera, pepala kumveka mpaka kumbuyo.

Yamikani (Joni): Paja pa Ndata pali za chikhalidwenso? Ndimayesa ndi sayansi yokhayokha.

Chisomo (Goliati): Zilipo amwene. Pali nthambi yotchedwa Bingu School of Culture and Heritage, amaphunzira nyimbo za kuno ku Africa, nzeru za makolo, chiyankhulo ndi zina zotero. Yunivesiteyi inatsegulidwa mu 2014, ndipo mu 2016 Pulofesa Address Malata anakhala mkulu wake, mayi woyamba kutsogolera yunivesite ya boma m'Malawi muno. Ife a zitsulo timawaseka anzathuwo kuti akuphunzira kuvina, iwo amatiseka kuti sititha kulemba imelo. Tonse tili ndi poyambira.

Madamu Eneless (Limbe): Ndangofika kunyumba, ndawerenga zonse. Ine ndimaphunzitsa zomwezi pa koleji ina mu Blantyre muno. Mnzanga amene wabweza ntchitoyo sindikumudziwa, ndiye sindingamuyankhire. Koma achimwene a ku Luchenza, tatiuzani kaye, pansi pa chithunzicho mwanayo analemba kuti chiyani?

Bambo a Tadala (Luchenza): Dikirani ndimufunse, ali kukhitchini.

Bambo a Tadala (Luchenza): Akuti analemba m'Chizungu kuti mayi wosauka wa kumudzi akuvutika m'munda wa tiyi kuti apeze chodyetsa ana ake. Komatu apa pokha nanenso ndaseka. Mayi amene uja mundawo ndi wake, anamusiyira mayi ake. Dzinja likafika, tiyi akaphuka, amalemba aganyu omuthandiza kutchola. Ana ake onse ndi akuluakulu, wina ndi nesi. Chaka chatha anandikongoza ineyo ndalama ya simenti.

Mayi a Pemphero (Chonde): Kkkkk wosauka wokongoza malume.

Madamu Eneless (Limbe): Ndiye mwaona nokha chimene abwezera. Mwanayu azakhali ake amawadziwa kuyambira ali wakhanda, wadya nsima m'nyumba mwawo, koma atangokweza foni n'kuyang'ana pagalasi, azakhali aja anasowa. Anaona mayi wa pa zikwangwani ndi pa makalendala amene wakula akumuona: dengu kumsana, nkhope yotopa, dzina alibe. Sananame dala ayi. Maso ake anaphunzitsidwa kale ndi zithunzi za anthu ena, ndipo ntchito yathu yoyamba ndi kumudzidzimutsa kuti azindikire zimenezo.

Ine sabata yoyamba sindilola munthu kujambula. Ndimabwera ndi mtolo wa nyuzi zakale, n'kuti aliyense adule zithunzi za miyambo yopereka thandizo, kaya ufa, kaya mjigo, kaya madesiki. Kenako tiwerenge: ndani watchulidwa dzina, ndani sanatchulidwe. Bambo wa jekete amalembedwa mayina onse awiri ndi udindo womwe. Mayi amene akulandira thumba amangoti mmodzi mwa opindula, basi. Tionenso wojambula anaima pati. Wa jekete kamera imamuyang'ana kuchokera m'munsi kuti aoneke chimphona, wolandira amamujambula atagwada, kamera ili pamwamba pa mutu wake. Akamatha ola limodzi akuwerenga choncho, ine za jenda sindinatchule n'komwe, okha amayamba kufunsa kuti madamu, bwanji opanda mayina onsewa ndi amayi?

Tsono a Makwinja, aphunzitsi anga, Chizungu chili momwemo. Ziganizo ziwiri za pansi pa chithunzi zimafuna dzina lolembedwa molondola, malo, nthawi, ndi mneni wonena chimene munthuyo akuchitadi. Pobisala palibe. M'chimangirizo cha masamba atatu mwana amatha kuzungulira ndi mawu oloweza, wochonga n'kumupatsa malikisi chifukwa chotopa. Apa ayi. Ndipo dzina, kukula kwa munda, makilo amene apita nawo pa sikelo tsikulo, sangazilembe asanakhale pansi ndi mwini wake n'kumufunsa. Thiransipoti ija ndi ya chimenecho.

A Makwinja (Thunga): Iwe Eneless pakamwa unali napo kuyambira Fomu 2. Ndamva, koma ziganizo ziwiri sizipanga mlembi. Ndibweranso pa nkhani imeneyi, ndikamwe kaye mankhwala.

A Namaona (Masambanjati): Ine zithunzi ndilibe nazo mawu. Langa ndi ili la jenda. Kodi kuno kwathu jenda ndi ya chiyani? Ife amuna a ku Thyolo ndi Mulanje timakwatira chikamwini. Umasiya kwanu n'kukamanga nyumba pa malo a mkazi. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a kuchikazi, ukalakwa amakutulutsira katundu pakhomo n'kukulozera njira ya kwanu, nyumba ya njerwa zootcha imene unamanga ndi thukuta lako n'kutsala. Ndiye mwana apite ku yunivesite akamuuze kuti amayi akuponderezedwa. Ndi ndani? Zinthu izi zinabwera pa ndege, si za kuno.

Yamikani (Joni): Abusa ayankhula kuchokera pansi pa mtima. Katundu wanu ali bwino abusa?

A Namaona (Masambanjati): Mwana iwe, ndine mkulu wa mpingo chabe, ndipo katundu wanga ali m'nyumba.

Mayi a Pemphero (Chonde): A Namaona, nthaka ndi yathu, zoona. Koma tafunsani ndalama ya nandolo kapena ya chinanazi ikabwera imagona m'thumba la ndani. Tafunsani akafuna kubwereketsa mundawo amene amayankhula ndi ndani, ngati si malume. Mlandu ukapita kwa amfumu, mwini munda amakhala pansi pamphasa, oyankhula ndi alongo ake. Ndiponso minda yake iti? Malo aakulu anapita ku maesiteti kalekale nthawi ya atsamunda, agogo athu n'kumalipira malo okhala ndi thangata. Kotsalako tagawana mpaka mwana wamkazi akulandira mizere yowerengeka. Mwamuna akaona kuti pachepa amangonyamuka, wa ku Joni wa ku Joni, wa ku Mozambique wa ku Mozambique, ana n'kutsala ndi iwe mwini nthaka. Pepani a Yamikani, sindikunena inu.

Yamikani (Joni): Mwandilasa komabe pitirizani.

Madamu Eneless (Limbe): A Namaona, mudabwa, koma theka la mawu anu ndikuvomereza. Mabuku ambiri amene timaphunzitsira za jenda analembedwa kunja, kapena kuno koma potengera madera amene mkazi amapita kwa mwamuna ndi malowolo. Ali ngati malaya a pa kaunjika, ena amakukwana, ena osapita nawo kwa telala uchita manyazi pagulu. Ndinachongapo mayeso a mtsikana wa ku Thekerani amene analemba molimba mtima kuti m'Malawi amayi salandira malo kuchokera kwa makolo. Ndinamuitana n'kumufunsa kuti bambo ako amakhala mudzi wa ndani? Akuti wa amayi. Munda umene umakulipirira fizi ndi wa ndani? Akuti unali wa anganga, mayi a amayi. Ndiye walemba za dziko liti? Anangoti ndi mmene zilili m'manotsi, madamu.

Mphunzitsi wa jenda amene amangowerenga manotsi otere kutsogolo akuwononga ana, ndipo alipo, sindibisa. Koma mankhwala ake si kutaya phunzirolo. Ndi kumubweza mwana kwawo kuti akaone bwinobwino zimene mayi a Pemphero anenazi: kukhala mwini nthaka ndi kwina, kukhala mwini mawu ndi kwina. Ndipo mkamwini amene a Namaona akumulirirayo nayenso ndi nkhani ya m'kalasi mwanga. Bwanji amuna ena safuna kubzala mitengo kapena kumanga nyumba yolimba kuchikamwini? Anyamata akamva funso limeneli amasiya foni n'kukhala tsonga, poti akuona bambo awo.

Kunena kuti zinabwera pa ndege, mwina dzinalo. Koma lamulo ndi la Nyumba ya Malamulo yathu yomwe. La Gender Equality Act la 2013 limati pa ntchito za boma ndi polowa m'makoleji, amuna kapena akazi asachepere 40 pa 100 aliwonse ndipo asapitirire 60. Limaletsanso nkhanza zokhudza kugonana pa ntchito ndi pa sukulu, komanso miyambo yovulaza. Mwana amene adzakhale wolemba anthu ntchito kapena mtolankhani osadziwa zimenezi adzagwetsa abwana ake m'mavuto. Komanso tisaiwale msanga. Kuyambira 1973 mpaka 1993 lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2012, lamulolo litatha kalekale, mavenda ena ankavula amayi ovala mabuluku m'misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre. Amenewo sanabwere pa ndege.

A Namaona (Masambanjati): Miyambo yovulaza ndiye iti? Pamenepo ndi pamene mumayambira kunyoza chinamwali.

Mayi a Pemphero (Chonde): Imeneyo ndiyankhe ndine, poti mayi anga ndi nankungwi. Chinamwali chili ndi zambiri zabwino: ulemu, ukhondo, kudzisamala ukatha msinkhu, kusalowa kuchipinda kwa makolo. Choipa chimene tonse tikuchidziwa ndi chija chouza ana kuti akatuluka akasase fumbi. Mayi anga anachisiya ndipo amakangana ndi anzawo amene amachinenabe mobisa. Mwana wa zaka 11 afuna fumbi lanji? Paja kuyambira 2015 lamulo la maukwati linaika zaka 18, ndipo mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu a dziko kuti mwana ndi aliyense wosakwana 18.

Koma madamu, nanunso ana anu muwalange. Amabwera ndi mafoni ati tikuchita kafukufuku, akufuna kulowa mpaka kusimba kukajambula nyimbo ndi zilangizo. Wina anachita kubisa foni m'chitenje. Mayi anga anamuthamangitsa ndi chipande. Za kusimba si za pa Facebook.

Madamu Eneless (Limbe): Anachita bwino, ndipo akanakhala wanga akanalephera phunzirolo. Lamulo langa ndi lalifupi: za pabwalo jambula utapempha, za kusimba siya foni kunyumba, pita ndi makutu ngati akulola. Amene wakana kujambulidwa wakana, ngakhale chithunzicho chikanakoma bwanji. Mwana wamng'ono, upemphe kwa kholo. Ndipo munthu umuuze chithunzicho chikupita kuti, chifukwa kuvomera kuti aphunzitsi ako aone si kuvomera kuti dziko lonse lione.

Gift wojambula (Chitakale): Apa ndiye mwandikhudza. Ine sukulu ya kamera sindinapiteko, ndinaphunzira pogwira, maukwati ndi zinkhoswe. Koma nthawi ya namondwe Freddy, mu Malichi 2023, ndinaona zimene foni imachita ikakhala m'manja mwa munthu wosalangizidwa. Madzi atatsika m'phiri ndi miyala, ku Muloza ndi ku Nkhulambe anthu akufukula abale awo m'matope, ena ali chilili kujambula mitembo n'kumaponya m'magulu. Mitembo ina yosavala, madzi atavula. Alipo amene anamva za imfa ya m'bale wawo poona chithunzi pa WhatsApp, mthenga asanafike. Gulu lino lomwe zinalowa, adimini anachita kufufuta usiku.

Kenako kunabwera ogawa thandizo. Bungwe lina linandilemba ganyu yojambula pa kampu ina. Wondiyang'anira anandiuza kuti mayi uyo wavala bwino kwambiri, ndipezere wina. Mayiyo anali atabwereka chitenje chatsopano chifukwa anamva kuti kubwera alendo. Ndinajambula zimene ankafuna, ndalama ndinalandira, koma mpaka lero ndikakumana naye pa msika ndimayang'ana kumbali. Ndiye ngati ku yunivesiteko akuphunzitsa ana kufunsa kaye asanadine, ankolo lipirani thiransipotiyo.

Adimini: Zoona, ndinafufuta, ndipo ndikumbutse kuti lamulo la gulu lino silinasinthe. Zithunzi za ngozi, za maliro osaphimba, kapena za munthu ali maliseche, ndikuchotsani osafunsa. Dziwaninso kuti pali lamulo la 2016 la Electronic Transactions and Cyber Security Act, anthu amamangidwa nalo chifukwa chozunza anzawo pa intaneti.

Lackson (Likhubula): Moni nonse, netiweki kuno imavuta. Ine ndimaperekeza alendo kuphiri. Mu Julaye 2025 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaika phiri la Mulanje pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo analiika chifukwa cha chikhalidwe, mizimu ndi malo opatulika, osati kutalika kwake. Tsono mlendo akafika amafunsa. Za mamita 3,002 a Sapitwa timayankha tili m'tulo. Za mkungudza timayankha. Koma afunse za Dziwe la Nkhalamba, kapena chifukwa chimene akuluakulu amati ukapeza chakudya kuphiri udye wekha osaitana mnzako, aliyense amanena zake, ena amangopeka kuti mzungu asangalale awonjezere kangachepe. Chizungu chathu ndi cha panjira, chokwana kunena kuti samalani apa n'poterera. Nkhani yakuya imatithera m'kamwa. Akuluakulu odziwa akutha, ndipo amene akulemba za phiri lathu pa intaneti ndi alendo amene anagona masiku awiri. Mwana wodziwa kufunsa agogo m'Chichewa kapena m'Chilomwe, n'kulemba bwino m'Chizungu, n'kujambula, ife tikumufuna dzulo.

Mayi a Pemphero (Chonde): N'chimodzimodzi gule wa tchopa. Chaka chilichonse mu Okutobala pa Chonde pano pa mwambo wa Mulhako wa Alomwe makamera amadzaza. Amajambula zikopa, nthenga, akatundu amene ovina amabereka kumsana, kenako pa TV amangoti gule wa Alomwe. Palibe amene amafunsa kuti bwanji wabereka khasu ndi ziwiya zakale, kapena kuti kale ankavina pothira nsembe mvula ikavuta, pothokoza zokolola, kapena alenje akabwera ndi nyama. UNESCO inauzindikira mu 2014, koma ana athu amangodziwa kuti ndi pamene pamabwera andale.

Yamikani (Joni): Zonsezi n'zokoma, koma funso la ankolo silinayankhidwe. ADZADYA CHIYANI? Kuno ndili ndi anyamata awiri a madigiri, wina akusamalira galu, wina akutchetcha kapinga. Lackson akuti akumufuna dzulo, malipiro ake alipo?

Madamu Eneless (Limbe): Sindikunamizani, Yamikani. Digiri iyi si chiphaso cha ntchito, ndipo masiku ano ngakhale ya uinjiniya si chiphaso, Chisomo asandikwiyire. Amene ndawaphunzitsa ena ali ku mawailesi ndi ma TV, ena ndi ofalitsa nkhani m'mabungwe ndi m'makhonsolo, ena akuphunzitsa, ena amamasulira zikalata, ena anatsegula timakampani tojambula. Ena ali pakhomo, ndipo si ochepa. Chimene ndaona n'choti amene amapita patsogolo ndi amene amatuluka ali ndi ntchito yooneka m'manja, zithunzi, mavidiyo, nkhani zolemba, osati pepala lokha.

Mavuto athunso ndinene. Kalasi imodzi anthu opitirira 100, makamera owerengeka, magetsi akathima pulojekita yagona. Ambiri amajambulira foni, ena yobwereka, ndipo bandulo yotumizira vidiyo amachotsa pa ndalama ya chakudya. Kalasi yotere sungachonge ntchito ya aliyense sabata iliyonse mmene a Makwinja akufunira. Ndiye mphunzitsi amene wapeza nthawi yowerenga ziganizo ziwiri za mwana mmodzi n'kumubweza, ameneyo akugwira ntchito. Waulesi akanangolemba 60 n'kudutsa.

Paja wailesi ya kanema ya dziko lino inayamba mu 1999, dzulodzuloli. Zaka zonse zam'mbuyomo, ndi zambiri za pambuyo pake, nkhope zathu ankajambula ndi ena. Sitinazolowere kudziona ndi maso athu.

A Makwinja (Thunga): Ndabwera. Eneless, pali chimodzi chimene sunanene. Ndamva kuti inu a masiku ano mumalola ana kukambirana m'Chichewa m'kalasi ya Chizungu. N'zoona?

Madamu Eneless (Limbe): N'zoona aphunzitsi. Pokambirana m'magulu ndimalola. Polemba ndi poima kutsogolo, Chizungu. Ndipo mawu a pansi pa chithunzi ndimafuna alembe m'zinenero ziwiri, kuti wojambulidwayo awerenge kapena amuwerengere, avomereze kuti ndi zoona.

A Makwinja (Thunga): Ndi pamene mukuphera ana pamenepo. Chiyankhulo chimalowa ndi kuchiyankhula. Ife tinkapachika chigoba cha nkhono m'khosi mwa woyankhula Chichewa pa sukulu, ndipo ana ankatuluka akuyankhula. Dziko lino lavutika ndi kusinthasintha. Mu 1968 anati Chichewa ndi chiyankhulo cha fuko, Chizungu cha boma, ana aziyamba ndi Chichewa mpaka Sitandade 4. Mu 1996 anati aziyamba ndi chiyankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chizungu, ndipo mu 2014 unduna unalengeza kuti kuyambira Sitandade 1. Chomalizachi ndicho chinali cholondola, chikanangotsatidwa. Tsono inu ku yunivesite mukubwezanso m'mbuyo.

Madamu Eneless (Limbe): Chigobacho ndinachivalapo, aphunzitsi, ndipo munandiveka ndinu. Chimene chinandiphunzitsa ndi kukhala chete. Atsikana ambiri m'kalasi mwathu anasankha kusayankhula tsiku lonse kusiyana n'kusekedwa, ndipo ndimawaonabe otere chaka choyamba: mutu uli ndi mfundo, pakamwa patsekedwa ndi mantha a galamala. Ndikawalola kuyamba m'Chichewa mfundo imatuluka, kenako timaivutikira limodzi kuti ilowe m'Chizungu. Mwana wopanda choti anene, ngakhale mumupatse mawu onse a m'dikishonale, alemba zoloweza zija munadandaula nazo poyamba. Za Sitandade 1 ndiye tisayambe. Mphunzitsi wa ku Thekerani ali ndi ana odzaza kalasi mpaka pakhomo, ena kunyumba amamva Chilomwe, iye mwini Chizungu akuchita kusaka. Amaphunzitsa m'Chichewa basi, lamulo lili m'kabati.

Chisomo (Goliati): Ine Chizungu changa chambiri ndinachitola m'mavidiyo sho a pa Goliati, mpaka anayamba kubweretsa mafilimu omasulira m'Chichewa aja. Kuyambira pamenepo tinangodziwa kuti Mchaina akunena kuti ndikuswa aise.

A Makwinja (Thunga): Mwamva? Umboni ndi umenewo. Mwawamasulira, asiya kuphunzira.

Madamu Eneless (Limbe): Kapena umboni woti omasulirawo anapeza msika umene ife a madigiri tinaunyoza. Holo imadzaza. Ine ndimawatengera m'kalasi mafilimu amenewo, tione pamene womasulira wawonjezera zake, makamaka zimene amanena mkazi akangotulukira pa sikirini. Mudzamve nokha ndemanga zake, ndiye mudzandiuze ngati jenda ilibe ntchito pa Goliati.

A Makwinja (Thunga): Sindikugonja. Tidzakambirana pamaso, ubwere ndi shuga.

A Namaona (Masambanjati): Inenso sindinagonje, ndangotopa ndi kutayipa.

Bambo a Tadala (Luchenza): Mwadzuka bwanji abale. Dzulo foni inathima. Mwana ndamupatsa thiransipoti, wanyamuka m'mawa uno. Anaimba kaye foni kwa azakhali akewo, ndipo iwo akuti abwere, koma ulendo uno awajambulenso pa sikelo akulembetsa makilo, ndi pakhomo atasamba, osati ndi malaya a kumunda okhaokha. Atinso awawerengere zimene analemba poyamba zija. Pamenepo ndiye sindikudziwa ngati abwereko wamoyo. Za ntchito ndikadali ndi nkhawa, a Yamikani sananame.

Lackson (Likhubula): Madamu, ndibwerere pa yanga ija. Sizingatheke kutitumizirako ana awiri kapena atatu holide ikubwerayi, adzakhale ndi akuluakulu a m'midzi ya m'munsi mwa phiri, alembe nkhanizi bwinobwino? Ife tidzawaperekeza.

Madamu Eneless (Limbe): Zingatheke, koma ndinene pano pagulu kuti pasadzakhale kunamizana. Thiransipoti, chakudya ndi pogona zikhale zanu, atsikana agone pakhomo pamene pali mayi wodziwika. Muyambe mwapita kwa amfumu, ndipo agogo amene adzayankhule adzamve zolembedwazo zisanapite kulikonse. Mayina awo alembedwe, pokhapokha akakana okha. Ndipo musadzangowatengera kwa madala okhaokha, amayi otola nkhuni ndi amene amalidziwa phirilo tsiku ndi tsiku.

Lackson (Likhubula): Pogona ndi chakudya palibe vuto, tikambirana ndi anzanga Loweruka. Thiransipoti ndiye yovuta, nyengo ino alendo achepa. Theka silingatheke?

Madamu Eneless (Limbe): Theka linalo alipire ndani, malume awo?

Bambo a Tadala (Luchenza): Ine musanditchule.

Gift wojambula (Chitakale): Lackson, kamera yanga yakale ija ndingabwereke, koma batire yake imafuna kutchaja kawiri pa tsiku. Kumtundako muli ndi sola?

Lackson (Likhubula): Sola ilipo kwa achimwene anga. Madamu, ndikuimbirani Lamlungu tikatuluka m'tchalitchi, muike foni pafupi.